Magalasi amene ndinagulira Lusungu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ndine Yotamu, mwana wanu woyamba. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Dowa, chija munabwera nacho pokwatiwa kuno ku Phwezi, chomwe munkatikalipira nacho mpaka ukalamba. Malembo anga ndi okhota, mupirire. Chifukwa chake mukuchidziwa, koma ndifika pamenepo.

Kuno tilipo. Papita zaka khumi ndi zitatu kuchokera pamene tinakuikani. Mvula chaka chino inabwera mochedwa, kenako inadula pakati, chimanga cha kumtunda n'kufota chisanamasule. Cha kudambo ndiye chinachitako. Fodya ndinasiya, msana sukundilolanso kuwerama pa nazale. Ndatsala ndi nyemba, mbuzi zochepa, ndi kamunda ka mawere pamalo anu omwe aja. Mango wa pakhomo panu unagwa ndi mphepo, tinauwaza nkhuni. Mpongozi wanu NyaKumwenda miyendo ikumatupa, koma kumapemphero a amayi sajomba. Mwana wathu Tiyezge wabereka wachitatu ku Mzuzu, wamwamuna, wonenepa bwino. Ine diso lamanzere lachita ng'ala. Kuchipatala anati ndidikire madokotala a maso, ndiye ndikudikira. Ndazolowera kuona ndi limodzi mpaka ndimaiwala kuti linalo linazima.

Nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya Lusungu. Inu simunamuone, munapita Tiyezge ali ndi pakati pake. Tikukhala naye ife chifukwa nyumba ya ku Mzuzu ndi yaing'ono. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wowonda, wosayankhulayankhula, ndipo akakwiya amatukula chibwano ngati inu.

Mwana ameneyu amakonda mbalame. Sindikunena kudya, Amayi. Kuziyang'ana basi. Mukamutuma kumjigo, ndowa imadzaza n'kusefukira iye ali khosi m'mwamba. Ali ndi kope lake lomwe amalembamo kuti lero ndaona pumbwa pa mpapaya, lero nantchengwa wanyamula udzu. Kusukulu kwawo kuli kagulu ka ana okonda zachilengedwe, ndipo aphunzitsi awo ali ndi magalasi oonera patali, amene anawo amati mabainokyula. Magalasiwo ndi amodzi okha. Ana amaima pamzere, ndipo ikamafika nthawi ya Lusungu mbalame imakhala itauluka kale.

Tsiku lina anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Anati, “Agogo, mumadziwa kuti diso la nthengu ndi lofiira?” Ndinati sindidziwa. Anati, “Lofiira ngati khala la moto. Ndaona ndekha, koma pang'ono, Chikondi anandilanda.”

Ine amene ndinatha zaka zinayi pa nsanja ndili pakati pa mbalame kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sindinaonepo diso la mbalame yamoyo. Ndinkangoona mtambo wa mpheta ukutsikira pa mawere, ine n'kumakuwa.

Mukukumbukira, Amayi? Abambo atamwalira ndinali mu Sitandade 4. Munabwera m'mawa ndikuvala malaya a sukulu, munandilanda sileti n'kundipatsa chitini cha miyala ndi gulaye. Munati, “Iwe mawu ako ndi aakulu, mbalame zimakumva. Levi ndi wofooka pachifuwa.” Munati ndi mwezi umodzi wokha, mawere akakhwima ndidzabwerera. Mawere anakhwima kanayi. Mng'ono wanga Levi anapitirira, anakwera ku Khondowe, anakhala mphunzitsi wa sayansi wovala tayi. Ine ndinakhala wa mawu aakulu.

Zimenezo ndinameza. Ndinali kumvetsa kuti m'nyumba munalibe mwamuna ndipo mawere ndiwo anali sopo, mchere ndi fizi. Chimene sindinameze ndi cha pa maliro anu. Levi ndiye anawerenga mbiri yanu m'tchalitchi, ataimirira bwinobwino ndi pepala lotayipa. Anawerenga kuti mayi awa, ngakhale anali amasiye, anaphunzitsa ana awo onse. Onse, Amayi. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndinali pa benchi yoyamba, manja ali ndi matuza a khasu lokumbira manda anu. Kuyambira tsiku limenelo sindinayankhule naye. Ngakhale pa maliro a mkazi wake ndinapita, ndinakhala kumbuyo, ndinabwerera osamugwira chanza. Munkakonda kundiuza kuti, “Yotamu, nkhope imeneyo ukaisiye panja.” Sindinaisiye. Ndakalamba nayo.

Ndiye pamene Lusungu ananena za diso la nthengu, ndinati mumtima mwanga, mwana uyu akhala ndi magalasi akeake. Kagulu kawo kanali kukonzekera ulendo wa kunkhalango ya Vwaza sukulu ikamatsekera, ndipo ndinafuna akapite atawakoleka m'khosi, osaima pamzere wa munthu.

Ndinakafunsa aphunzitsi aja, mnyamata waulemu ndithu. Anandilembera pa kapepala. Anati pa magalasi pamakhala manambala awiri, ndipo yoyambayo ikhale eyiti. Anati ndisanyengeke ndi nambala yaikulu, chifukwa magalasi okoka kwambiri amanjenjemera m'manja mwa mwana ndipo mbalame imasowa. Akhale opepuka, komanso otha kupindika pakati kuti akwane maso a mwana, poti maso a mwana ndi oyandikana. Ndinasunga kapepalako m'thumba la jekete. Ndinagulitsa mbuzi yamphongo ija ya mawanga.

NyaKumwenda anati, “Bwanji osapita ndi alamu a Levi? Zinthu zimenezi amazidziwa.” Ndinamuyang'ana. Anati, “Chabwino, pitani ndi Lusungu mwini wake.” Ndinati ulendo wa anthu awiri udya mwendo wa mbuzi, komanso ndikufuna angodzidzimuka. Choonadi n'chakuti ndinkafuna chinthu chimodzi cha anthu ophunzira chimene ndachisankha ndekha, wopanda wondigwira dzanja.

Ku Boma ndinangopeza a pulasitiki ofiira, zidole za ana a mkaka. Ndinasuzumiramo, ndinaona nkhungu. Ndinakwera minibasi mpaka ku Mzuzu. M'sitolo ina ya mawindo aakulu ponseponse anali nawo abwino, a nambala eyiti yomweyo, atagona m'bokosi. Mtsikana wogulitsa atanditchulira mtengo, ndinaona kuti ndi khola lonse, osati mbuzi imodzi. Ndinathokoza n'kutuluka.

Kuseri kwa msika ndinapeza mnyamata woyala pansi katundu wakale wochokera kunja, mawailesi, mawotchi, maayironi. Magalasi anali nawo atatu. Anandinyamulira aakulu kwambiri, olemera ngati njerwa. Anati, “Madala, awa ndi a asilikali. Mukaima pompano muwaona amayi kunyumba akukujedani kwa aneba.” Ndinati, “Zimenezo ndimazimva wopanda magalasi.” Anaseka mpaka kugwira pamimba. Ndinatulutsa kapepala, ndinati ndikufuna eyiti. Anati, “Aa, madala anabwera ndi sikelo yawo!” Anatola ena akuda, apakatikati, okutidwa ndi mphira, chingwe chake chothothoka pang'ono. Nambala inali eyiti. Anali opepuka. Ankapindika.

Ndinawaika kumaso, ndinapotokola kagudumu ka pakati monga anandiphunzitsira aphunzitsi. Amayi, chikwangwani cha kutsidya kwa msewu chinabwera pamphuno panga. Ndinawerenga chilembo chilichonse. Khwangwala amene anali pa denga ndinamuona nthenga imodziimodzi. Ndinayesa kawiri, katatu. Ndinagogoda, ndinagwedeza kumva ngati muli cholira. Inu munkati, “Usagule chinthu wogulitsa akuseka.” Mnyamatayo ankaseka, koma ndinati ndi chibadwa chake. Tinakambirana mtengo, mbuzi inathera pomwepo, kutsala ya minibasi yokha.

Lusungu atatsegula jumbo anangoti kukamwa yasa. Kenako anagwada, anati, “Yewo chomene, agogo,” mawu ali pansi. Anathamangira kudambo osavula yunifolomu. Tsiku limenelo ndinadya bwino. Ndinati Levi aziona.

Patapita masiku angapo mwana anayamba kudandaula mutu. Akabwera kudambo ankagona pamkeka atatseka maso, tsiku lina mpaka anasanza. Agogo ake aakazi anapita naye kukayezetsa malungo, sanapezeke. Tinati mwina ndi dzuwa. Tinamugulira chipewa. Ndikamufunsa kuti magalasi ali bwanji, ankati, “Ali bwino, agogo.” Koma kuthamanga kuja kunatha. Ankawanyamula ngati munthu wonyamula khasu.

Loweruka lina ndikuchokera komangirira mbuzi ndinamuona ali pansi pa mkuyu, magalasi ali kumaso. Ndinayandikira mwakachetechete. Pa galasi la kumanzere anali atamangapo tsamba la nthochi ndi mphira wa legeni. Ankaona ndi diso limodzi, ngati ine.

Ndinati, “Lusungu, tsambalo ndi la chiyani?” Anadzidzimuka, anafuna kulibisa. Ndinakhala pansi pafupi naye. Ndinati andiuze. Anatukula chibwano chija, misozi ili m'maso, anati, “Agogo, ndikayang'ana ndi maso onse, mbalame iliyonse imakhala ziwiri. Ina pamwamba pang'ono, ina pansi. Ndikalimbikira kuti zikhale imodzi, mutu umapweteka.” Anandionetsa kope. Pa masiku oyamba analemba njiwa ziwiri, akakowa awiri, kenako anafufuta. Ndinati, “Nanga osanena bwanji?” Anati, “Munagulitsa ya mawanga.”

Ndinatenga magalasiwo, ndinachotsa tsamba, ndinayang'ana. Njiwa inali imodzi, yooneka bwinobwino. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira. Ndinayesa katundu wa maso awiri ndi diso limodzi. Katatu konse, monyada, pamaso pa mnyamata woseka uja.

Ndinabwereranso ku Mzuzu ndi ndalama ya nyemba. Mnyamatayo anandizindikira. Kuseka kunalibe. Anati, “Madala, munayesa nokha, munawerenga chikwangwani nokha. Katundu wa pansi sabwerera.” Ndinafuna kukuwa ndi mawu anga aakulu aja. Koma ananena zoona. Ndinabwerera mu minibasi yodzaza, magalasi ali pamiyendo, nditatopa ngati ndalima tsiku lonse.

Ndinapita nawo kwa aphunzitsi aja. Anasuzumira, anatsinzina msanga. Anati magalasiwa anagwapo kale, kagalasi kena ka m'kati kanasuntha, ndiye mbali ziwirizi sizikuloza pamodzi. Ndinafunsa ngati angakonzeke. Anati, “Mwina. Pansi pa mphirapa pamakhala timasikuluwu ting'onoting'ono. Ine ndingaononge. Koma ku Khondowe kuli mdala wina wopuma ntchito, ankakonza makina oonera tizilombo a m'chipinda cha sayansi. Amati a Levi. Mukafunse, aliyense akulozerani.”

Sankadziwa, mwana wa eni ake. Ndinati zikomo.

Ndinakhala sabata yathunthu osachitapo kanthu. Mbuzi ina yogulitsa inalipo, koma ndi yaikazi ya bere, ndipo ndikanagula chiyani, ndi diso lomweli? Ulendo wa ku Vwaza unali utatsala milungu iwiri. Lusungu anapachika magalasi pa msomali, anati mutu wasiya, asavutike agogo, adzaima pamzere. Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa. NyaKumwenda anangosita jekete langa n'kulipachika poonekera.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, ine ndi mwana, pa kagalimoto konyamula matumba a feteleza. Msewu wa phiri uja sunasinthe mtima. Koma pamwamba tinafika. Tinafunsa, anatilozera kanyumba ka njerwa zofiira kumunsi kwa tchalitchi, maluwa a mkazi wake atauma m'zitini.

Amayi, Levi wanu wakalamba kuposa ine. Anatuluka ndi ndodo, juzi litamangidwa mabatani mosemphana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anati, “Akulu.” Ndinati, “Ndabwera ndi ntchito ya mwana.” Sindinawonjezere. Lusungu anagwada kupereka moni. Levi anati, “Uyu ndi wa Tiyezge? Chibwanocho ndi cha amayi.” Anatilowetsa, anafuna kutithirira tiyi, koma tiyi anatayikira m'sosala. Manja ake amanjenjemera, onse awiri, osaleka.

Anasuzumira m'magalasi, anati, “Ee, asemphana. Anakugulitsani ndani zimenezi?” Ndinati, “Ndinasankha ndekha.” Anayang'ana diso langa loyerali. Anatulutsa kabokosi ka malata momwe munali timasikuludiraiva tochepa ngati singano. Anatenga kamodzi, kanagwa. Anatola, kanagwanso. Anati, “Akulu, maso ndili nawo. Manja ndi amene anapuma ntchito.” Anakankhira kabokosiko kwa ine.

Manja anga, Amayi, asoka fodya zaka makumi anayi. Ndi olimba ngati chikumba koma sanjenjemera.

Tinatuluka pakhonde. Levi anati tiike magalasi pa mpanda wa khonde kuti asasunthe, tinawapanikiza ndi mabuku ake awiri. Anandilozera pomwe ndifunyulule mphira ndi nsonga ya mpeni. Pansi pake panalidi kasikuluwu, kochepa ngati njere ya mawere. Anauza Lusungu kuti ayang'ane nsonga ya mtengo wa magetsi kutsidya kwa chigwa, ndi maso onse, osalimbikira. Kwa ine anati, “Pang'ono pokha. Ngati mukutsina khutu la khanda.”

Ndinapotokola. Lusungu anati, “Yatalikirana!” Levi anati, “Bwererani. Akulu, ndati pang'ono, si chigayo chimenecho.” Ndinati, “Usandiphunzitse kugwira chitsulo, iwe.” Anati, “Chabwino, koma bwererani.” Ndinabwerera. Mwana anati, “Ikubwera. Ikubwerabe. Ina ili pamwamba pang'ono.” Tinasamukira pa kasikuluwu kena. Thukuta linali kundilowa m'diso labwinoli. Tinatha nthawi yaitali, kupita, kubwerera, mwana akupumitsa maso, ife awiri tikukangana ngati tili pa msampha wa mbewa kalekale. Kenako khwangwala anatera pa mtengo uja. Ndinati, “Nanga?” Anati, “Ndi mmodzi. Agogo, musagwirenso! Ndi mmodzi!”

Anathamanga nawo kumapeto kwa bwalo komwe chigwa chimaonekera chonse. Tinatsala awiri pa benchi. Levi anali kuyang'ana manja ake. Anati, “Mukudziwa, akulu, kalasi yathu ya Sitandade 3 inali ndi windo loyang'ana kudambo. Mawu anu ankafika. Tsiku lililonse. Aphunzitsi ankati titseke windo, ndipo wotseka ndinali ine.”

Ndinadikira kuti apitirize. Sanapitirize. Za pepala lotayipa lija sanatchule, inenso sindinatchule. Ndinafuna, koma ndinali nditatopa, Amayi. Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikukonza zoti ndidzamuuze, ndipo tsiku litafika ndinangomuuza kuti mabatani a juzi asemphana. Anati ndimukonzere. Ndinamukonzera.

Musaganize kuti zatha. Sindikudziwa ngati zidzatha. Inu ndi amene munalowa m'nyumba m'mawa uja ndi chitini cha miyala, ndipo munapita osandiuza ngakhale kamodzi kuti munaona chimene chinanditayika. Mwina munaona. Ndikakumbukira kuti munkandisungira chipapa cha nkhuku chachikulu Levi akabwera ku holide, ndimati mwina ndi mmene munkanenera. Koma chipapa si sileti.

Lusungu anapita ku Vwaza. Anabwera ndi masamba asanu a kope odzaza, mayina ena achizungu amene sinditha kuwatchula. Akuti anabwereka magalasi kwa ana onse amene anapempha, ngakhale Chikondi uja. Mutu sunamupwetekenso. Levi anamutumizira buku lakale la zithunzi za mbalame kudzera kwa wa njinga yamoto, ndipo ine sindinalibweze.

Mawere a chaka chino akhwima tsopano, ndipo mpheta zabwera monga mwa nthawi zonse. NyaKumwenda anati mwana azithandizako m'mawa asanapite kusukulu. Ndinakana. Nsanja ndinamanga ndekha, yaifupi chifukwa cha mawondo, ndipo ndikukhalapo ndekha ndi chitini cha miyala. Mawu akadalipo, ngakhale amasasa dzuwa likafika pamutu.

Loweruka lapitali anabwera kudzandipatsa phala, magalasi ali m'khosi. Anakwera n'kukhala pambali panga. Mtambo wa mpheta unatsika, ine ndinakoka mpweya kuti ndikuwe. Anandigwira mkono. Anati, “Agogo, dikirani kaye pang'ono. Pa chitsa apo.” Anandiika magalasi kumaso. Kwa ine mbali imodzi ndi yokwanira. Ndinapotokola kagudumu. Panali nthengu, yakuda bii, mchira wa mphanda, itatembenuza mutu kuyang'ana kuno.

Ndi lofiiradi, Amayi.

Mpheta zinadya mawere anu ine ndili chete, mwina kodzaza chipewa. Mundikhululukire zimenezo, kapena musandikhululukire, tikhale ofanana.

Mvula ikatha ndibwera kudzalambula pamanda panu. Ndamutumira Levi uthenga kuti ngati akufuna abwere, adzakhale pamthunzi, khasu ndigwira ine. Ndipo ndikulonjeza ichi: ine ndili moyo, mwana uyu pa nsanja azikwera Loweruka lokha, ndiponso kudzayang'ana basi.

Ndimakukondani, ngakhale nkhope ija sindinaisiye panja.

Mwana wanu wa mawu aakulu,
Yotamu